Lezala limodzi, burashi ndi sopo: zimene munthu amakumana nazo akayamba kumeta ndevu mwachikale

Mwamuna amene wakhala akumeta ndevu kwa zaka khumi kapena kuposerapo ndi malumo apulasitiki okhala ndi malezala atatu kapena asanu amaganiza kuti kumeta amakudziwa, ndipo alibe chifukwa chokayikira, popeza m'mawa uliwonse amachoka pagalasi nkhope ili see. Tsiku limene wagwira koyamba lumo lachitsulo la lezala limodzi ndi pamene amazindikira kuti zambiri zimene ankaziyesa luso lake zinali ntchito ya chidacho. Kamutu kogwedera ka lumo lamakono kamadzipezera kokha kapendekedwe koyenera pankhope, pulasitiki wozungulira malezala amalola munthu kukanikiza mmene angafunire popanda kudzicheka, ndipo thovu limatuluka m'chitini litapangidwa kale. Kumeta kwachikale kumabwezera ntchito zonsezi m'manja mwa wometayo. Chimenechi ndicho chimakopa anthu ambiri, ndipo ndi chomwenso chimawagwetsa ulesi m'masabata awiri oyambirira, pamene nkhope ikuwawa koma phindu lisanaoneke.

Tikamanena za kumeta kwachikale tikutanthauza kumeta ndi madzi, sopo kapena kirimu wometera, burashi yopangira thovu, ndi lezala limodzi lakuthwa. Lezalalo likhoza kukhala lija lopyapyala, lakuthwa mbali zonse ziwiri, limene limamangidwa m'kamutu kachitsulo kokhala ndi chotchinga, kapena likhoza kukhala lumo lalitali lopinda ngati mpeni, limene amanola pamwala ndi kulisalaza pachikopa. M'nkhani ino mawu akuti lumo akuimira chida chonse chimene munthu amagwira m'manja, ndipo lezala ndi kachitsulo kakuthwa kamene kamadula ndevu.

Kwa zaka mazana angapo lumo lopinda ndilo linali chida chodalirika, ndipo mizinda ya Sheffield ku England, Solingen ku Germany ndi Thiers ku France inatchuka polisula. Chida chimenechi chinkafuna luso lonola komanso dzanja losanjenjemera, kotero amuna ambiri ankakonda kukametedwa kwa wometa kusiyana ndi kudzimeta okha. Maganizo oika chotchinga pafupi ndi kukamwa kwa lezala ndi akale ndithu, chifukwa Jean-Jacques Perret wa ku France anapanga lumo lotchingidwa ndi kamtengo m'zaka za m'ma 1760, ndipo abale a banja la Kampfe ku New York analembetsa luso la lumo lawo lotchinga mu 1880. Vuto la malumo onsewa linali lakuti malezala ake ankafunikabe kunoledwa. King Camp Gillette, yemwe anali wogulitsa katundu woyendayenda, ndiye anaganiza za lezala lopyapyala ndi losavuta kupanga mwakuti likabuntha munthu angolitaya. Katswiri wa makina William Nickerson anapeza njira yolimbitsira ndi kunolera chitsulo chopyapyala chotero, kampani yawo inakhazikitsidwa mu 1901, ndipo mu 1903 inagulitsa malumo 51 ndi malezala 168 okha. Chimene chinafalitsa chidachi kwenikweni chinali nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene boma la America linagawira asilikali ake malumo mamiliyoni, mwa zina chifukwa chakuti chophimba kumaso choteteza ku mpweya wapoizoni sichigwira bwino pankhope ya ndevu. Asilikaliwo atabwerera kwawo anapitiriza chizolowezi chodzimeta tsiku ndi tsiku.

Malezala oyambirira ankachita dzimbiri msanga, moti munthu ankayenera kumasula lumo ndi kuumitsa lezala akangomaliza kumeta, mpaka pamene kampani ya Wilkinson Sword inatulutsa malezala a chitsulo chosachita dzimbiri mu 1962. Pofika nthawi imeneyo kapangidwe ka lezala kanali katafanana kulikonse, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwa woyamba kumene: lezala lopangidwa ku Japan chaka chino limalowa bwinobwino m'lumo lopangidwa ku America m'zaka za m'ma 1950. Palibe kampani imene ingamange munthu kuti azigula malezala ake okha. Malumo a katiriji, kutanthauza kamutu kapulasitiki ka malezala angapo kamene kamatayidwa konse kakabuntha, anasintha zimenezi. Gillette inatulutsa Trac II ya malezala awiri mu 1971, Atra ya kamutu kogwedera mu 1977, Mach3 ya malezala atatu mu 1998 ndi Fusion ya malezala asanu mu 2006, pamene Schick inatulutsa Quattro ya malezala anayi mu 2003, ndipo katiriji wa mtundu uliwonse amalowa pa chogwirira cha mtundu wake. Okonda kumeta kwachikale ena amakamba mbiri imeneyi ngati chiwembu, koma kunena chilungamo, katiriji amametadi mofulumira ndipo amakhululukira dzanja losasamala. Chimene tiyenera kumvetsa ndi mtengo umene khungu la anthu ena limalipira pa kufulumira kumeneko.

Malezala angapo oyalidwa motsatizana amagwira ntchito mwa njira imene opanga akhala akuifotokoza poyera: lezala loyamba limakola ndevu n'kuikokera kunja pang'ono, ndipo isanabwerere m'dzenje lake, lezala lachiwiri limaidula. Ikabwerera, nsonga yake imakhala pansi pa khungu, n'chifukwa chake nkhope imasalala kwambiri. Kwa munthu wa ndevu zowongoka zimenezi sizivuta kwenikweni. Kwa munthu wa ndevu zopotana nkhani ndi ina, chifukwa ndevu yotero ikamakula imapindika, ndipo nsonga yake yakuthwa ikhoza kuboola khoma la dzenje lake isanatuluke, kapena kutuluka n'kukhotera m'khungu. Thupi limaiona ngati chinthu chachilendo, ndiye pamatuluka tiziphuphu toyabwa, makamaka m'khosi ndi pansi pa chibwano, ndipo tikachira timasiya mawanga akuda kapena zipsera zotupa. Madokotala amatcha vutoli pseudofolliculitis barbae, ndipo ndi lofala kwambiri pakati pa amuna akuda, mwakuti kwa zaka zambiri asilikali a ku America amene anali nalo ankapatsidwa chilolezo cha chipatala chosunga ndevu zazifupi. Amuna ambiri amene amasamukira ku lezala limodzi amabwera chifukwa cha vuto limeneli. Lezala limodzi limadula ndevu polekezera khungu popanda kuikoka, komanso nkhope imakhudzidwa ndi chitsulo kamodzi m'malo mwa kasanu pa kakokedwe kalikonse. Komabe si mankhwala, ndipo munthu amene akanikiza kapena kumeta mobwerera akhoza kudzitulutsa tiziphuphu tomwe tija ndi lumo lililonse.

Pa nkhani ya lumo loyamba sipafunika kutaya nthawi yambiri. Malumo otchinga amasiyana makamaka pa mpata umene uli pakati pa lezala ndi chotchinga, komanso pa mmene kukamwa kwa lezala kwatulukira kunja. Limene lili ndi mpata waung'ono amati ndi lofatsa, ndipo la mpata waukulu amati ndi laukali. Woyamba kumene asankhe lofatsa, la chotchinga chosalala osati cha mano ngati chipeso, ndipo malumo monga Merkur 34C ya ku Solingen, Edwin Jagger DE89 ya ku Sheffield ndi Mühle R89 ya ku Germany amatchulidwa kawirikawiri pa chifukwa chimenechi. Pali malumo omasula zidutswa zitatu, ena ziwiri, ena otsegula pamwamba ngati zitseko munthu akapotokola chogwirira, ndi ena otheka kusintha ukali wake, monga Gillette Fatboy yotchuka ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Otha kusinthawa amaoneka okopa, koma amapatsa wophunzira chinthu china chosewera nacho pa nthawi imene akufunika kuti zinthu zikhale chimodzimodzi tsiku lililonse.

Malezala ndiwo amadabwitsa. Onse ndi opyapyala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, onse amaoneka ofanana, koma amasiyana pa kanoledwe ndi pa zimene anapaka pakamwa pake, ndipo khungu limazimva. Feather ya ku Japan imadziwika kuti ndi yakuthwa kwambiri, Derby ya ku Turkey imadziwika kuti ndi yofatsa, ndipo Astra ili pakatikati, koma lezala limene mwamuna wina amalitamanda likhoza kukanda mnzake. N'chifukwa chake ozolowera amalangiza kugula mitundu ingapo pang'onopang'ono m'malo mogula bokosi lalikulu la mtundu umodzi. Lezala lakuthwa kwambiri si ndilo loopsa nthawi zonse. Lobuntha ndilo limakoka ndevu, ndipo likakoka, dzanja limayamba kukanikiza lokha mwiniwake osazindikira. Mu 2020 akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science wosonyeza kuti ngakhale tsitsi ndi lofewa pafupifupi ka 50 kuyerekeza ndi chitsulo cha lezala, limabenthula tizidutswa ting'onoting'ono pakamwa pake, makamaka likapindika n'kukumana ndi lezala mopendekeka. Choncho lezala silimangofufutika pang'onopang'ono, koma limabenthuka, ndipo anthu ambiri amalisintha atametera katatu mpaka kasanu, a ndevu zolimba mofulumirapo.

Burashi imapangidwa ndi ubweya wa nkhumba, wa kavalo, wa nyama ya ku Ulaya ndi ku Asia yotchedwa badger, imene ndi mbale wake wa chiuli, kapena ulusi wopangidwa m'fakitale. Ya nkhumba imayamba ili yolimba ndipo imafewa pakapita masabata, nsonga za ubweya wake zikang'ambika pawiri, komanso imafuna kuviikidwa m'madzi kwa mphindi zingapo isanagwiritsidwe ntchito. Ya badger imasunga madzi ndi kutentha, ndipo ndi imene kale inkatengedwa kuti ndi yapamwamba. Ya kavalo inatsala pang'ono kuzimiririka pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene asilikali ena a ku Britain ndi ku America anadwala matenda oopsa ochokera ku ziweto otchedwa anthrax chifukwa cha maburashi a ubweya wosatsukidwa bwino, vuto limene malamulo ophera tizilombo m'ubweya anadzalithetsa. Malinga ndi kuona kwanga, burashi ya ulusi wa m'fakitale ndiyo yoyenera woyamba kumene, popeza sifuna kuviika, imauma msanga, sinunkha nyama, ndipo ya masiku ano ndi yofewa mokwanira.

Sopo wometera si sopo wosambira. Amakhala ndi asidi wa stearic wochuluka, nthawi zambiri wochokera ku mafuta a ng'ombe kapena a zomera, ndipo popanga amagwiritsa ntchito potassium hydroxide pamodzi ndi sodium hydroxide kuti sopoyo azisungunuka mosavuta n'kupereka thovu lokhuthala losaphwa msanga. Sopo wosambira amapereka thovu lambiri lopepuka limene limazimirira munthu asanamalize tsaya limodzi. Mayina monga Proraso ya ku Florence, Arko ya ku Turkey, Tabac ya ku Germany ndi nyumba zakale za ku London monga Truefitt & Hill, imene inayamba mu 1805, ndi Taylor of Old Bond Street ya mu 1854, amamveka kwambiri pakati pa okonda ntchitoyi, koma dzina la sopo silithandiza munthu amene sanaphunzire kuthira madzi.

Pamenepa ndi pamene oyamba kumene ambiri amaphonya, ndipo ndi bwino kuonetsetsa mmene thovu limapangidwira. Munthu amanyowetsa burashi, n'kuifinya pang'ono kuti isadonthe, kenaka amaizunguliza pamwamba pa sopo kwa theka la mphindi kapena kuposerapo, mpaka nsonga zake zitamatirira sopo wokhuthala. Akatero amaipititsa pankhope yonyowa kapena m'kambale, n'kumazunguliza. Poyamba chimene chimatuluka ndi chinthu chouma, chambuu, chomata. Amaviika nsonga zokha za burashi m'madzi, n'kuzungulizanso, kenaka kuviikanso, ndipo pakapita kanthawi thovulo limasintha maonekedwe: timabowo tonse timatha, limayamba kunyezimira, ndipo akalitsina pakati pa zala ziwiri limaterera. Thovu lotero ndilo loyenera. Wophunzira amakonda kulekezera panjira chifukwa amaona chithovu chambiri choyera n'kuganiza kuti wafika, pamene ntchito ya thovu si kukongola koma kusunga madzi pa ndevu ndi kuchititsa kuti chitsulo chiterere. Likayamba kuuma n'kumayoyoka pankhope ndiye kuti madzi anachepa, ndipo likakhala ndi timabowo tikuluikulu n'kumatsetsereka ndiye kuti sopo anachepa. Kumadera kumene madzi ali ndi mchere wambiri wa calcium ndi magnesium, sopo amavuta kuchita thovu chifukwa mcherewo umamangana naye, ndipo njira yapafupi ndi kutapa sopo wochulukirapo.

Ndevu ndi zopangidwa ndi keratin, ndipo zikamwa madzi zimafufuma n'kufewa, moti mphamvu yofunika kuzidula imachepa kwambiri. Zimafuna mphindi ziwiri kapena zitatu zili zonyowa kuti zifike pamenepo, n'chifukwa chake nthawi yabwino yometera ndi munthu akangomaliza kusamba, kapena atatsuka nkhope ndi madzi ofunda n'kuika thaulo lonyowa kwa kanthawi. Mafuta apadera opaka asanamete amene amagulitsidwa ndi okometsera chabe, ndipo ambiri amameta bwino popanda iwo.

Munthu asanaike lezala pankhope ayenera kudziwa kumene ndevu zake zagonera, ndipo ndi zodabwitsa kuti amuna ambiri sadziwa zimenezi za nkhope yawo yomwe. Njira yake ndi kulekerera ndevu kwa masiku awiri kapena atatu, kenaka kuyendetsa chala pa gawo lililonse la nkhope. Kumene chala chikuyenda mosalala ndiko ndevu zagonera, ndipo kumene chikukwakwala ndiko kobwerera. Pamasaya ndevu zambiri zimaloza pansi, koma m'khosi zimachita zake: zina zimaloza m'mbali, zina zimakwera m'mwamba kuchokera pafupi ndi kholingo, ndipo ena ali ndi malo amene ndevu zimazungulira ngati kamvuluvulu. Mwamuna amene amatsitsa lumo kuchokera pakhutu mpaka pansi pa khosi, akukhulupirira kuti akutsatira ndevu, akhoza kukhala akumeta mobwerera theka lonse la khosi lake kwa zaka zambiri, n'kumadabwa kuti bwanji malo omwewo amatupa nthawi zonse.

Kenaka pamabwera zinthu ziwiri zimene katiriji ankabisa, zomwe ndi kapendekedwe ndi kukanikiza. Lezala limadula bwino likapendekeka pafupifupi madigiri 30 ndi khungu, koma palibe amene amayeza zimenezi pagalasi. Chimene munthu amachita ndi kuika pamwamba pa kamutu ka lumo patsaya, chogwirira chitaloza kumbali, kenaka n'kutsitsa chogwiriracho pang'onopang'ono mpaka atamva lezala layamba kugwira ndevu. Khutu limathandiza, chifukwa lezala likamadula bwino limamveka kuti tsetsetse, ndipo likangokhala chete ndiye kuti likudutsa pamwamba. Popeza kamutu sikagwedera, dzanja lonse liyenera kutsatira kupindika kwa nsagwada ndi chibwano, ndipo izi zimatheka pokoka pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa nthawi, osati kukoka kamodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Za kukanikiza lamulo ndi lakuti musakanikize ngakhale pang'ono. Lumo lachitsulo ndi lolemera kale, ndipo kulemera kwakeko n'kokwanira. Kunena n'kosavuta, koma dzanja limene lazolowera kukanikiza pulasitiki wopepuka kwa zaka zambiri silimva msanga, ndipo ena amadzithandiza pogwira chogwirira kumapeto kwenikweni ndi zala zitatu zokha. Khungu likamawawa ngati lapsa ndi moto pambuyo pometa, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimenechi, osati lezala kapena sopo.

Chilonda changa choyamba chinali pansi pa mphuno, ndipo chinabwera mwa njira imene ozolowera onse amaidziwa. Ndinaika lumo, ndinaona kuti silinakhale pamene ndimafuna, ndiye ndinalisuntha cham'mbali lili pakhungu m'malo molinyamula. Lezala likayenda motsatira utali wa kukamwa kwake silimeta, limacheka, ndipo chotchinga sichiteteza pamenepo. Sindinamve kupweteka, ndinangoona kamzere kofiira kakutuluka pakati pa thovu loyera.

Kumeta kwachikale sikuchotsa ndevu zonse pa ulendo umodzi, koma kumazichepetsa pang'onopang'ono. Ulendo woyamba umatsatira kumene ndevu zagonera, ndipo nkhope imatsala ikukwakwalabe, zimene si vuto. Munthu amatsuka, n'kupakanso thovu, n'kumeta ulendo wachiwiri mopingasa. Ulendo wachitatu, wobwerera, ndi umene umasalazitsa kwambiri, ndipo ndi umenenso umabweretsa mavuto ambiri. Woyamba kumene angachite bwino kuusiya kwa mwezi wathunthu, ndipo munthu wa ndevu zopotana amene amavutika ndi tiziphuphu angachite bwino kuusiyiratu, makamaka m'khosi. Munthu wotereyu asakokenso khungu ndi dzanja linalo pometa, chifukwa khungu lokokedwa limatulutsa ndevu kunja, ndipo likabwerera nsonga imatsala pansi, ndendende mmene katiriji amachitira. Ayenera kuvomereza nkhope yooneka yoyera kwa woiona ngakhale ikukwakwala pang'ono kwa woigwira. Ngati tiziphuphu tachuluka kale, chanzeru ndi kuleka kumeta kwa masabata angapo kuti khungu lichire, n'kumangodulira ndi makina amagetsi osiya ndevu zazifupi, ndipo pakakhala mafinya kapena zipsera zotupa ndi bwino kuonana ndi dokotala wa khungu. Lamulo limodzi limene limakhudza aliyense ndi lakuti lezala lisadutse pamalo opanda thovu, ngakhale pangotsala kandevu kamodzi kokwiyitsa.

Akamaliza, munthu amatsuka ndi madzi ozizira. Ambiri amayendetsa mwala wa alum pankhope yonyowa, umene umathina khungu ndi kuletsa timagazi ting'onoting'ono, ndipo amautsuka pakapita mphindi imodzi. Ubwino wake waukulu kwa wophunzira ndi wakuti umanena zoona: pamene wameta bwino sumveka, koma pamene wakanikiza umaluma, kotero mawa lake amadziwa malo oyenera kusamala. Pa chilonda chenicheni pali kandodo koletsa magazi, kamene kawirikawiri kamapangidwa ndi aluminium sulfate. Mankhwala onunkhira opaka pomaliza amene ali ndi mowa wambiri wa spirit amaumitsa khungu la anthu ena, ndipo kwa iwo mafuta ofewetsa opanda fungo lamphamvu ndi abwino koposa. Amene amasunga ndevu nawonso amapindula ndi lumo la lezala limodzi, chifukwa amaona bwino pamene lezala lalekezera akamakonza mzere wa patsaya ndi wa m'khosi.

Cholakwa chimene chimachedwetsa anthu kwambiri ndi kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Kumeta kwa lero kukavuta, wophunzira amasintha lezala, mawa sopo, mkuja lumo, ndipo pomaliza sadziwa chimene chinathandiza kapena chimene chinaononga, pamene mwina vuto linali dzanja lake nthawi yonseyi. Njira yodalirika ndi kukhala ndi lumo limodzi, sopo mmodzi, burashi imodzi ndi mtundu umodzi wa lezala kwa masabata atatu kapena anayi, kenaka n'kuyamba kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Nkhaniyi ikugwirizana ndi ya ndalama. Ndi zoona kuti lezala limodzi ndi lotsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi katiriji, kuti sopo wolimba amatha miyezi yambiri, ndiponso kuti lumo lachitsulo likhoza kukhala zaka makumi angapo. Koma ambiri amene analowa kuti apulumutse ndalama amapezeka ali ndi malumo asanu ndi sopo wokwana zaka khumi, chifukwa fungo ndi kukongola kwa zida zimasanduka chosangalatsa pachokha. Palibe choipa pamenepo ngati munthu akudziwa kuti akugula chosangalatsa, osati kumeta kwabwino.

Za lumo lopinda tinene mwachidule. Makampani monga Dovo ya ku Solingen ndi Thiers-Issard ya ku France amawapangabe, koma chida chimenechi chimafuna kusalazidwa pachikopa nthawi iliyonse munthu asanamete, kunoledwa pamwala pakapita miyezi, ndi kuumitsidwa bwino kuti chisachite dzimbiri, ndipo kuphunzira kwake kumatenga miyezi osati masabata. Ndi bwino kulifikira munthu atadziwa kale kupanga thovu ndi kumene ndevu zake zagonera. Pali mtundu wina wooneka ngati lumo lopinda koma wolowetsa theka la lezala lotaya, ndipo ndi umene ometa anthu ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano pa chifukwa cha ukhondo. Chifukwacho ndi chachikulu: kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kakhoza kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposerapo m'magazi ouma, kotero lezala, lumo ndi mwala wa alum si zinthu zobwerekana, ngakhale pachibale.

Palinso chikhulupiriro chakuti kumeta pafupipafupi kumachulukitsa ndevu kapena kuzilimbitsa, chimene chimachititsa anyamata ena kumeta mwakhama ndi ena kuopa. Mildred Trotter wa ku Washington University ku St. Louis anafufuza zimenezi mu 1928 n'kupeza kuti kumeta sikusintha makulidwe, mtundu kapena liwiro la kakulidwe ka tsitsi. Ndevu yodulidwa imakhala ndi nsonga yophwatalala m'malo mwa yosongoka, ndiye ikamatuluka imamveka yolimba ndipo imaoneka yakuda, koma muzu wake uli pansi pa khungu pamene lezala silifika.

Kusamala zida n'kosavuta. Lumo amalitsuka ndi kulikutumula madzi, osapukuta kukamwa kwa lezala ndi thaulo chifukwa zimenezo zimachotsa zopaka zake, ndipo burashi amaitsuka mpaka sopo yense atatha, n'kuiika pamalo opita mphepo kuti iume. Oyenda pandege akumbukire kuti malezala otayawa saloledwa m'chikwama cha m'manja, ngakhale lumo lopanda lezala limaloledwa. Lezala lotha ntchito silitayidwa lili pamtunda m'zinyalala, pamene mwana kapena wotola zinyalala angadzicheke nalo. Amalisunga m'kachitini kotseka kokhala ndi kampata pamwamba, ndipo kachitini kamodzi kamatenga zaka kuti kadzaze. Nyumba zambiri zakale za ku America zinali ndi kampata kotero kumbuyo kwa kabati wa m'bafa, kogwetsera malezala m'kati mwa khoma, ndipo mpaka lero okonzanso nyumbazo akagumula khoma amapeza mulu wa malezala adzimbiri a mwamuna amene ankameta pamenepo zaka makumi asanu ndi limodzi kapena kuposerapo zapitazo.